Timawu tating'ono tosautsa olankhula Chisipanishi

Mu January 1980 anthu adathamangira ndi mnyamata wina wa zaka 18 kuchipatala china cha kumwera kwa Florida, m'dziko la America, ali chikomokere.

Abale ake, omwe kwawo kudali ku Cuba, adayesetsa kufotokozera madokotala chomwe chidachitika. Iwo adati mnyamatayo adali "intoxicado". M'Chisipanishi mawuwa amanena za munthu amene wadya kapena kumwa chinthu chomudwalitsa, ndipo abalewo ankakayikira chakudya chomwe iye adagula palesitilanti ina tsikulo.

Tsoka ilo, m'Chingerezi muli mawu ofanana nawo ngati mapasa, "intoxicated", omwe amanena za munthu woledzera kapena wosuta ndi kumwa zozunguza bongo. Madokotala adatengera tanthauzo lachiwirili nkuyamba kumuthandiza ngati munthu amene wamwa mankhwala mopyola muyeso, chonsecho magazi ankakhira mu ubongo. Pomwe amadzazindikira patatha pafupifupi masiku awiri, zinthu zidali zitaonongeka kale. Mnyamatayo adakhala ndi moyo koma adafa manja ndi miyendo, ndipo mlanduwo udatha ndi chipukutamisozi chomwe chidawerengedwa kufika $71 miliyoni.

Nkhaniyi amaiphunzitsa mpaka lero m'sukulu za omasulira a m'zipatala. Koma imaonetsanso msampha womwe umadikirira aliyense wolankhula Chisipanishi akamaphunzira Chingerezi: poyamba njira imaoneka yosalala, minga ili kutsogolo.

Anthu ake si ochepa. Malinga ndi bungwe la Instituto Cervantes, lomwe boma la Spain lidakhazikitsa kuti lizifalitsa chiyankhulochi, anthu pafupifupi 500 miliyoni adayamwira Chisipanishi kubere. Ambiri ali ku Mexico, Colombia, Argentina ndi Spain, ndipo ku America kokhako anthu oposa 40 miliyoni amachilankhula pakhomo. Kuno ku Africa ndi chiyankhulo cha boma ku Equatorial Guinea.

Mawu akuluakulu ngaulere

Ambiri timaganiza kuti Chingerezi chozama ndi chija cha mawu ataliatali ofuna kutsegula dikishonale. Kwa munthu wa ku Madrid kapena Bogotá, zili mozondoka. Mawu ataliataliwo ndiwo amawapeza mosakhetsa thukuta.

Chifukwa chake chili m'mbiri. Mu 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa England pankhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 mafumu, oweruza ndi akuluakulu a dzikolo ankalankhula Chifalansa, pomwe tchalitchi ndi anthu ophunzira ankalemba m'Chilatini. Anthu wamba adapitiriza kulankhula chamakolo awo, chomwe ndi chachibale cha Chijeremani ndi Chidatchi. Zotsatira zake nzakuti Chingerezi chili ngati nyumba yosanja: pamwamba pali mawu ochokera ku Chilatini ndi Chifalansa, omwe ndi oposa theka la mawu a m'dikishonale, pansi pali timawu tamakolo tomwe anthu amagwiritsa ntchito pamsika, pabwalo la mpira ndi kukhitchini.

Chisipanishi nachonso ndi mwana wa Chilatini. Choncho wophunzira akakumana ndi "extinguish" amaona "extinguir", kuzimitsa. "Tolerate" ndi "tolerar", kupirira. "Postpone" ndi "posponer", kusunthira kutsogolo. "Investigate" ndi "investigar". Angathe kuwerenga lipoti la zachuma kapena buku la zachipatala nkutolamo zambiri asanathe nkomwe kufunsa njira yopita kudepoti.

Koma pakati pa mawu aulerewa pali ena oluma, monga "intoxicado" uja. Aphunzitsi amawatcha "false friends", abwenzi onyenga, dzina lomwe lidachokera kwa akatswiri awiri a ku France, Maxime Koessler ndi Jules Derocquigny, mu 1928.

Mayi wa ku Spain akati ali "embarazada" ndiye kuti ndi woyembekezera, osati wachita manyazi monga "embarrassed" amanenera. Bambo akati ali "constipado" ndiye kuti wagwidwa chimfine. Akapita kufamase ya ku London nkunena kuti ali "constipated" amupatsa mankhwala a kudzimbidwa. "Librería" ndi sitolo yogulitsa mabuku, osati laibulale. "Éxito" ndi kupambana, osati khomo lotulukira. "Asistir" kumsonkhano ndi kukakhalapo chabe, osati kuthandizira. "Actualmente" ndi pakadalipano, pomwe "actually" ndi kunena zoona. Oopsa kwambiri ndi "molestar", omwe kwawoko ndi kusokoneza munthu chabe, monga kumugogodera ali mtulo, koma "molest" wa Chingerezi ndi mlandu wogwirira.

Awa ndi osavuta kuwaloweza chifukwa amaseketsa. Ovuta ndi aja omwe tanthauzo ndi limodzi koma kulemera kwake nkosiyana.

Usiku wa pa 25 January 1990, ndege ya kampani ya Avianca ya mtundu wa Boeing 707, yochokera ku Bogotá kudzera ku Medellín, idayandikira bwalo la John F. Kennedy ku New York nyengo ili yoipa. Oongolera ndege pansi adali ataiuza katatu kuti izizungulira mlengalenga kudikira mpata, mphindi 77 zonse pamodzi. Mafuta adayamba kutha. Oyendetsa adapempha "priority", kutanthauza kuti aiganizire msanga. Itayesa kutera ulendo woyamba nkulephera chifukwa cha mphepo, kaputeni adauza womuthandiza wake m'Chisipanishi kuti adziwitse apansi kuti ali pangozi. Womuthandizayo, yemwe ndiye ankalankhula pawailesi, adati: "We're running out of fuel."

Chingerezi chake chidali cholondola, mwana wasukulu aliyense akadamva. Koma m'makutu mwa woongolera ndege, mawu omwe amaimitsa chilichonse ndi "emergency" kapena "Mayday". Kudandaula kuti mafuta akuchepa ankakumva kawirikawiri usiku ngati umenewo. Ndegeyo idagwa pamudzi wa Cove Neck ku Long Island mainjini onse atazima, ndipo anthu 73 mwa 158 adafa.

Bungwe lofufuza ngozi ku America la NTSB lidaloza chala oyendetsawo polephera kusamala mafuta komanso kunena mosapsatira kuti ali pangozi, koma lidatinso kusowa kwa mawu amodzi odziwika kwa onse onenera za kuchepa kwa mafuta kudathandizira. Ngozi ngati iyi ndi zina mwa zomwe zidachititsa bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO kulamula kuti kuyambira mu 2008 oyendetsa ndi oongolera ndege za maulendo a maiko azikhoza mayeso a Chingerezi.

Kachiphaso kosintha zonse

Atadutsa abwenzi onyengawa, wophunzira amafika pachipupa chenicheni. M'moyo wa tsiku ndi tsiku Mngerezi sakonda kunena "extinguish". Amati "put out". Sati "tolerate"; amati "put up with". M'malo mwa "postpone" amati "put off", m'malo mwa "investigate" amati "look into". Mneni mmodzi wamfupi, kutsogolo kwake kamawu konga "up", "off", "out" kapena "in", basi tanthauzo lasintha. Awa ndiwo amatchedwa "phrasal verbs", dzina lomwe lidatchuka ndi mlembi Logan Pearsall Smith mu 1925, ngakhale vutolo lidadziwika kalekale. Samuel Johnson, polemba mawu otsogolera dikishonale yake ya mu 1755, adavomereza kuti aneni amenewa ndiwo amazunguza alendo koposa.

Choncho mwana wa zaka zisanu wa ku Manchester amadziwa "put up with" koma "tolerate" sadamumvepo, pomwe pulofesa wa ku Salamanca amadziwa "tolerate" koma "put up with" amamuimitsa mutu.

Tengani "take off". Ndege ikanyamuka ndi "take off". Kuvula jekete ndi "take off". Bizinesi ikayamba kuyenda bwino yachita "take off". Kupumira tsiku kuntchito ndi "take a day off". Nanga "make up"? Kupeka bodza, kugwirizananso mutayambana, kudziphoda kumaso, zonsezi ndi mawu omwewo. Kudziwa "make" payekha ndi "up" payekha sikuthandiza kanthu. Pamwamba pa apo pali malamulo a kaimidwe: "turn off the radio" nzololedwa, "turn the radio off" nzololedwanso, "turn it off" ndi bwino, koma "turn off it" ndi kulakwa.

Wolankhula Chichewa angamvetse msanga ululu wake. Mlendo amene waphunzira mneni "kuona" sangadziwe yekha kuti "kuonera" mayeso ndi mlandu kapena kuti "kuonerera" ndewu ndi kuima osaleretsa. Ife timasintha tanthauzo ndi mchira wa mneni. Angerezi amalisintha ndi kamawu koima pakokha.

Pali kufanana kwina kodabwitsa. Katswiri wa ziyankhulo Leonard Talmy adaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti ziyankhulo zimagawikana pa momwe zimafotokozera kuyenda. Chisipanishi chimaika kolowera mkati mwa mneni: "entrar", "salir", "subir", "bajar", ndendende ndi kulowa, kutuluka, kukwera ndi kutsika kwathu. Chingerezi chimakonda kusiya kolowerako m'kamawu kapambali, "in", "out", "up", "down", mneni nkumanena za kayendedwe. Pomwe Mngerezi akuti "he ran out", wa ku Spain amati "salió corriendo", adatuluka akuthamanga, monga momwe ife tinganenere. Ndiye kuti wophunzirayo sakungoloweza mawu atsopano, akuphunzira kuyala chiganizo mwanjira yomwe chiyankhulo chake sichiyalira.

Ambiri amathawa. Kafukufuku yemwe Menachem Dagut ndi Batia Laufer adachita mu 1985 pakati pa ophunzira olankhula Chiheberi, chomwenso chilibe aneni otere, adapeza kuti akapatsidwa mwayi wosankha amathamangira mawu amodzi aatali nkupewa awiriawiri aja. Olankhula Chisipanishi ali ndi pothawira pabwino koposa, poti mawu aataliwo ndi akwawo kale. Salakwa galamala, koma amamveka ngati akuwerenga kalata ya boma ngakhale akucheza pamowa. Ndipo kuthawa kumathandiza polankhula pokha. Pomvera sungasankhire mnzako mawu.

Anamwino adazionera okha

Chuma cha Spain chitagwa kuyambira mu 2008, ulova udafika poti mu 2013 achinyamata oposa theka mwa osakwana zaka 25 omwe ankafuna ntchito adali pakhomo. Anamwino ambiri adakwera ndege kupita kuzipatala za boma za ku Britain, komwe ankawafuna kwambiri.

Mawu a m'mabuku a zachipatala sadawavute: "vomit" ndi "vomitar", "hypertension" ndi "hipertensión". Koma gogo wa ku Yorkshire ali pabedi salankhula za m'buku. Akasanza amati "I threw up" kapena "I brought it all up". Akakomoka amati "I passed out", akatsitsimuka amati "I came round". Wachibale akati mwamuna wa gogoyo "passed away", ndiye kuti adamwalira. Pakati pa kukomoka ndi maliro pali kamawu kamodzi, "out" kapena "away". Achikulire ena akafuna kukataya madzi amati akufuna "to spend a penny", chining'a chochokera nthawi yomwe zimbudzi za m'tauni ankalipira kobiri limodzi pakhomo.

Mu January 2016 bungwe la anamwino ndi azamba la ku Britain, Nursing and Midwifery Council, lidayamba kufuna umboni wa Chingerezi ngakhale kwa ochokera m'maiko a ku Ulaya, ndipo pamayeso a IELTS lidaika mlingo wa 7 mwa 9. Chaka chomwecho dzikolo lidavota kutuluka mu European Union, ndipo chiwerengero cha anamwino a ku Ulaya olembetsa ntchito kumeneko chidatsika kwambiri.

Dziko lochita manyazi ndi Chingerezi chake

Ku Spain nkhani ya Chingerezi ndi bala lakale. Mu 1941 boma la Francisco Franco lidalamula kuti mafilimu onse akunja azichotsedwa mawu nkuikamo a Chisipanishi. Lamulolo lidatha patangopita zaka zochepa koma chizolowezi chidakhala, moti mibadwo yakula ikuonera akatswiri a ku Hollywood akulankhula ngati obadwira ku Valladolid. Anansi awo a ku Portugal amasiya mawu enieni nkulemba tanthauzo pansi pa kanema, ndipo pamndandanda womwe kampani ya EF imatulutsa chaka ndi chaka woyerekeza Chingerezi cha maiko, Portugal imakhala patsogolo pa Spain. Nzosadabwitsa: timawu tija timalowa kudzera m'khutu, osati pabolodi. Kuonjezera apo, mpaka cha m'ma 1970 chiyankhulo chakunja chomwe ana ambiri ankaphunzira kusukulu chidali Chifalansa.

Nduna zazikulu José Luis Rodríguez Zapatero ndi Mariano Rajoy ankadalira omasulira pamisonkhano ya maiko. Pedro Sánchez atalowa m'malo mwa Rajoy mu 2018 nkuyamba kuyankha atolankhani akunja m'Chingerezi, anthu adaiona ngati nkhani.

Amene adalawa mkwiyo wa nthabwala ndi Ana Botella, yemwe adali meya wa Madrid. Pa 7 September 2013, ku Buenos Aires, iye adaimirira kukopa akuluakulu a Olympics kuti masewero a 2020 akachitikire mumzinda wake, ndipo adawalonjeza "a relaxing cup of café con leche in Plaza Mayor". Madrid idagwa m'ndime yoyamba, Tokyo nkupambana, ndipo mawu a mayiyo adasindikizidwa pamakapu ndi pamalaya. Kunena zoona, m'chiganizocho mudalibe cholakwika chachikulu. Anthu ankaseka katchulidwe ndi kuloweza, ndipo ambiri mwa osekawo sakadatha kuima pagome lomwelo. Kuseka kotereku ndiko kumatseka pakamwa ophunzira, nkumangolankhula mawu okhawo omwe ali nawo chitsimikizo.

Boma la chigawo cha Madrid lidayesa kuchiza balali mu 2004 poyambitsa maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'sukulu 26 za pulayimale, pomwe maphunziro ngati sayansi amaphunzitsidwa m'Chingerezi. Ndondomekoyi idafalikira m'sukulu mazanamazana, koma makolo ndi aphunzitsi ena amadandaula kuti ana amaloweza maina a ziwalo za duwa m'Chingerezi koma sangacheze ndi mlendo. Dandauloli lili ndi mutu. Mawu a sayansi ndi a chipinda chapamwamba chija, omwe mwanayo akadawapeza ndi kale.

Ena adaonapo msika. Richard Vaughan, mphunzitsi wochokera ku Texas yemwe adakhazikika ku Spain m'zaka za m'ma 1970, adamanga bizinesi ya sukulu, mabuku ndi wailesi yophunzitsa Chingerezi. Mu 2001 adayamba kutengera ophunzira ku Valdelavilla, kamudzi ka m'chigawo cha Soria komwe anthu adasamukako kale, nkuwasakaniza ndi eni chiyankhulo ochokera ku Britain, America ndi kwina. Alendowo amagona ndi kudya ulere, malipiro awo nkucheza basi, kuyambira pakadzutsa mpaka usiku.

Zining'a zimagulitsa mabuku

Chomwe ophunzira amakonda, ndipo osindikiza mabuku amadziwa, ndi zining'a. Nzokoma kuziyerekeza. Ponyenga munthu mwanthabwala, wa ku Spain amamutenga tsitsi, "tomar el pelo", pomwe Mngerezi amamukoka mwendo, "pull his leg". Chinthu chikadula kwambiri, ku Spain chimadya diso, "un ojo de la cara", ku England chimadya mkono ndi mwendo. Chosavuta ku Spain ndi buledi wodyedwa kale, "pan comido", ku England ndi chidutswa cha keke.

Mu 1995 Ignacio Ochoa ndi Federico López Socasau adatulutsa buku lanthabwala lomasulira zining'a za Chisipanishi liwu ndi liwu m'Chingerezi. Mutu wake, From Lost to the River, udachokera pa "de perdidos al río", mawu omwe amanena zinthu zikafika poti palibenso chotaya. Bukulo lidayenda malonda, ndipo mpaka lero anthu kumeneko amaseka nacho Chingerezi chotere.

Komabe nthawi yomwe ophunzira amathera pa zining'a siyibweza phindu lofanana. Pafupifupi buku lililonse limaphunzitsa "raining cats and dogs", kunena chimvula champhamvu, koma munthu atha kukhala chaka ku London osamva wina akutero. Ambiri amangoti "it's pouring down". Munthu wosadziwa chining'a angathe kukhala osachigwiritsa ntchito moyo wake wonse, palibe angadabwe. Sizili choncho ndi "pick up", "find out" kapena "carry on".

Ochita kafukufuku adawerengera. Mu 2007 Dee Gardner ndi Mark Davies adasanthula nkhokwe ya mawu 100 miliyoni ya British National Corpus napeza kuti wowerenga amakumana ndi mneni wotere pafupifupi kamodzi pa mawu 150 alionse. Adapezanso nkhani yolimbitsa mtima ndi yofoola pamodzi: aneni 100 okha ndiwo amatenga kuposa theka la malo onse omwe aneni otere amapezeka, koma 100 amenewo ali ndi matanthauzo 559. Mu 2015 Mélodie Garnier ndi Norbert Schmitt a payunivesite ya Nottingham adachepetsa katunduyo potulutsa mndandanda wa aneni 150 ndi matanthauzo 288 ofunika koposa. Kwa munthu amene wakhala akuloweza madikishonale a aneni zikwizikwi motsata alifabeti, kumeneku nkutula mtolo.

Okonza mayeso nawonso amadziwa pomwe pali chilonda. Pamayeso a Cambridge a C1 Advanced, omwe ambiri ku Spain amalemba pofuna ntchito ya uphunzitsi kapena malo payunivesite yakunja, pali gawo lomwe amakupatsa chiganizo ndi liwu limodzi nkukuuza kuti unene zomwezo pogwiritsa ntchito liwulo. Chiganizo chikati mpira udalephereka, "was cancelled", liwu lopatsidwa nkukhala "off", wophunzira amene wadalira "cancelar" wakwawo amangoluma cholembera. Yankho ndi "was called off".

Okonda ligi ya ku England adaziona izi ndi maso. Mauricio Pochettino wa ku Argentina atafika ku Southampton mu January 2013 ankayankha atolankhani kudzera mwa womasulira, ndipo Marcelo Bielsa adachita chimodzimodzi nthawi yonse yomwe adali ku Leeds United kuyambira 2018 mpaka 2022. Unai Emery adalimba mtima nkumalankhula yekha ku Arsenal, anthu nkumuseka kuti amati "good ebening", poti m'Chisipanishi "b" ndi "v" amamveka mofanana. Koma pabwalo la zokonzekera, chomwe mphunzitsi amafuna si katchulidwe. Ndi timawu tofuula mpira uli mkati: "push up", "drop off", "close him down", "track back".

Kumene ziyankhulo ziwirizi zakhalira limodzi nthawi yaitali, zayamba kubwerekana. Olankhula Chisipanishi ambiri ku America amati "te llamo para atrás", kutengera "I'll call you back" liwu ndi liwu, zomwe munthu wa ku Madrid amadabwa nazo. Ku Miami zapita mbali inayo. Phillip Carter wa payunivesite ya Florida International adafalitsa kafukufuku mu 2023 woonetsa kuti anthu kumeneko amati "get down from the car", kutsika m'galimoto, kuchokera pa "bajar del carro", m'malo mwa "get out of the car", komanso "make a party" m'malo mwa "throw a party". Olankhula choncho si obwera okha. Ena ndi ana awo obadwira mumzindawo, omwe Chingerezi ndicho chiyankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku. Carter ndi mnzake atafunsa anthu kuti aweruze ziganizo zoterezi, a ku Miami adazilandira mosavuta kusiyana ndi a madera ena a America.